Mmene parishi ya kumudzi ku England inkasamalira osauka ake

M'matchalitchi akale a kumidzi ya ku England mumapezekabe mabokosi aakulu a matabwa olimba, omangidwa ndi zitsulo, ambiri mwa iwo a maloko atatu. Kiyi mmodzi ankasunga wansembe, awiri enawo akulu awiri oyang'anira za tchalitchi, kuti pasapezeke munthu wotsekula yekha. Ena mwa mabokosiwa ankasunga ndalama zachifundo, ena makaundula ndi mabuku a parishi. Mukatsekula buku la chithandizo cha osauka la m'zaka za m'ma 1700 mupeza mizere yaifupi, yolembedwa ndi dzanja la mlimi wosazolowera cholembera: mayi wamasiye uje, masabata anayi, masheleni asanu ndi limodzi, nsapato za mwana wa uje, nkhuni, lendi ya theka la chaka, azamba, bokosi la maliro ndi woimba belu. Mzere uliwonse ndi munthu amene wolembayo ankamudziwa nkhope, nyumba, ngakhale khalidwe lake. Mphamvu ya dongosolo lonseli inali pa kudziwana kumeneko, ndipo nkhanza zake zinachokera pomwepo.

Ndalama zake ndi zomwe agogo athu ankagwiritsa ntchito kwacha isanabwere, ku Zambia mu 1968 ndi ku Malawi mu 1971: mapeni 12 ndiwo sheleni, masheleni 20 ndiwo paundi. Pakati pa zaka za m'ma 1700 wogwira ntchito m'munda mwa eni ake kumwera kwa England ankalandira pafupifupi sheleni imodzi patsiku. Mawu oti parishi nawonso tiwamve bwino. Kumeneko parishi linali dera lenileni la malire ake, ndipo aliyense wokhala m'deralo anali wa parishiyo pa nkhani za misonkho, misewu ndi umphawi, kaya amapemphera kaya ayi. Pofika m'ma 1830 madera otere oyendetsa okha chithandizo analipo pafupifupi 15,000 mu England ndi Wales, ambiri mwa iwo a anthu mazana ochepa chabe. Ku Scotland zinkayenda mosiyana, kudzera kwambiri mu zopereka za pakhomo la tchalitchi, ndipo Ireland analibe lamulo lotere mpaka 1838.

Mitsinje iwiri ya ndalama

Ndalama yofika m'manja mwa wosauka wa kumudzi inkachokera mbali ziwiri, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Mbali yoyamba inali mphatso za anthu omwalira. Munthu wopeza bwino ankalemba mu wilo yake kuti munda wakutiwakuti ubwerekedwe, lendi yake izigula buledi wa osauka Lamulungu lililonse, kapena malasha m'nyengo yachisanu, kapena zovala za amayi amasiye asanu ndi mmodzi. Mbali yachiwiri inali msonkho wokakamiza, umene aliyense wokhala ndi munda kapena nyumba m'parishi ankalipira. Mphatso ndizo zinali zakale, koma msonkho ndiwo unadzanyamula katundu wamkulu.

Chiyambi chake n'chakuti pakati pa 1536 ndi 1540 Mfumu Henry VIII inatseka nyumba za amonke n'kulanda chuma chake, ndipo pamodzi nazo panatha mbali ya zachifundo zimene osauka ankadalira. Nthawi yomweyo anthu ankachuluka, mitengo ya zakudya ikukwera. Boma linayamba ndi kupempha: lamulo la 1552 linati parishi iliyonse isankhe anthu otolera zopereka mlungu ndi mlungu. Kupempha kutalephera, lamulo la 1572 linabweretsa msonkho wokakamiza. Njala ya m'ma 1590 inachititsa kuti zonse zikonzedwe bwino mu 1598, n'kubwerezedwa mu 1601 pa nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I. Lamulo la 1601 limenelo ndilo linakhala msanamira kwa zaka zoposa 230.

Oyang'anira osauka

Chaka chilichonse, m'sabata la Pasaka kapena pasanathe mwezi kuchokera pamenepo, majisitireti awiri a m'deralo ankasankha eni nyumba opeza bwino, awiri mpaka anayi, kuti pamodzi ndi akulu a tchalitchi akhale oyang'anira osauka. Pachizolowezi maina ankachokera ku msonkhano wa olipira msonkho, wotchedwa vestry chifukwa poyamba unkachitikira m'chipinda chovalira ansembe, ndipo majisitireti ankangovomereza. Ntchitoyi inalibe malipiro, ndipo munthu sankaloledwa kuikana popanda chifukwa. M'midzi yambiri inkazungulira mafamu, chaka chino uyu, chaka chamawa winayo. Choncho woyang'anira anali mlimi, wagolosale kapena wachigayo, amene chaka chatha anali wolipira chabe ndipo chaka chamawa abwereranso pomwepo. Thomas Turner, wagolosale wa ku East Hoathly ku Sussex, amene analemba zochitika zake za tsiku ndi tsiku kuyambira 1754 mpaka 1765, anagwirapo ntchitoyi, ndipo zolemba zake zikusonyeza masiku ochuluka otayika pa maulendo opita kwa majisitireti, pamene golosale ikudikira.

Lamulo linawapatsa ntchito zitatu. Okalamba, akhungu, olumala ndi odwala apatsidwe chithandizo. Amphamvu zawo koma osowa ntchito agulidwire zipangizo monga fulakesi (chomera chopangira ulusi wa nsalu), ubweya wa nkhosa, ulusi ndi chitsulo kuti azigwirapo. Ana a makolo osowa aperekedwe kwa anthu oti awaphunzitse ntchito, mnyamata mpaka zaka 24, mtsikana mpaka 21 kapena atakwatiwa. Lamulo lomwelo linati makolo, agogo ndi ana amene ali nako kuthekera asamale abale awo parishi isanalowererepo. Ntchito yachiwiriyo inkavuta pafupifupi kulikonse: ulusi wopotedwa ndi anthu osazolowera unkagulitsidwa motchipa kuposa mtengo wa zipangizo, ndiye maparishi ambiri anaona kuti kungopereka ndalama kunali kotsikirako mtengo.

Mmene msonkho unkawerengedwera

Munda ndi nyumba iliyonse inali ndi mtengo wake m'buku, wolingana ndi lendi imene ingabweretse pachaka. Wolipira anali wokhalamo kapena wolimamo, ngakhale akhale wobwereka. Oyang'anira ankayerekeza ndalama zofunika, n'kuzigawa pa mtengo wa parishi yonse, n'kutchula kuti mapeni angati pa paundi iliyonse. Tiyerekeze parishi imene malo ake onse ali pa mapaundi 1,200 ndipo ikufuna mapaundi 120 chaka chimenecho. Msonkho ukhala masheleni awiri pa paundi. Mlimi wa famu ya mapaundi 60 alipira mapaundi asanu ndi limodzi, wa kanyumba ka mapaundi awiri alipira masheleni anayi. Kawirikawiri sankatolera kamodzi. Ankaika msonkho wa mapeni asanu ndi limodzi pa paundi, ndalama ikatha n'kuika wina, mwina kanayi pachaka, malinga ndi mmene chisanu, matenda ndi mtengo wa tirigu zachitira.

Msonkho uliwonse unkayenera kusainidwa ndi majisitireti awiri, ndipo kuyambira m'ma 1740 unkalengezedwa m'tchalitchi Lamulungu lotsatira kuti wodandaula adziwe. Wokana kulipira ankalandidwa katundu n'kugulitsidwa. Chaka chikatha oyang'anira ankapereka maakaunti awo kwa majisitireti n'kusiyira olowa m'malo ndalama yotsala. Vuto losatha linali mitengo ya m'buku, imene inkakhala zaka makumi osaunikidwanso. Amene anakonza dambo lake n'kukhala munda wachonde ankalipirabe ngati dambo, ndipo amene anali ndi mawu pa msonkhano analibe changu chofuna kuunikanso.

Zimene wosauka ankalandira

Pamwamba pa tsamba pankakhala maina a olandira mlungu ndi mlungu: amayi amasiye, nkhalamba, ana amasiye oleredwa ndi banja lina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndalama yake inkakhala mapeni asanu ndi limodzi mpaka sheleni pamlungu. Pofika kumayambiriro kwa m'ma 1800 masheleni awiri kapena atatu anali ofala kumwera, pamene kumpoto ankapereka zocheperapo. Ndalamayi sinkakwanira kukhalira moyo payokha, ndipo palibe ankayembekeza kuti ikwane. Mayi wamasiye ankaiphatikiza ndi kupota ulusi, kukunkha tirigu wotsala m'minda atakolola, kuchapira anthu zovala, nkhuni za m'tchire la mudzi wonse, ndi buledi wa mphatso zija. Lamulo la 1691 linati maina onsewa alembedwe m'kaundula ndi kuunikidwa chaka ndi chaka, chifukwa kunali madandaulo oti oyang'anira akulowetsamo anzawo.

Pansi pake pankabwera zadzidzidzi, ndipo apa ndi pamene dongosololi linkaoneka umunthu wake. Bambo wathyoka mwendo, parishi ilipira womanga fupa ndi kudyetsa banja masabata asanu ndi limodzi. Mayi wabereka, ilipira azamba ndi mnansi womusamalira. Denga lagwa, igula udzu. Inkagula nsapato, mabulangete, malasha, nthawi zina chipangizo chopotera ulusi kuti munthu adziimire. Maparishi ambiri ankapangana ndi dokotala pa ndalama yokhazikika pachaka, ndipo nthomba ikawopseza ena ankalipira kuti osauka onse atemeredwe. Kawirikawiri wosamalira wodwalayo analinso wosauka mnzake, kotero sheleni imodzi inkathandiza nyumba ziwiri. Munthu akamwalira, parishi inkalipira osambitsa mtembo, nsalu, bokosi, wokumba manda, belu, ndi mowa wa onyamula maliro.

Koma chithandizo chinali ndi mtengo wake. M'madera ambiri munthu akalowa pa kaundula wa mlungu ndi mlungu, oyang'anira ankabwera kudzalemba katundu wake yense, bedi, mphika, mpando, ndipo akamwalira katunduyo ankakhala wa parishi. Lamulo la 1697 linawonjeza manyazi: wolandira chithandizo, mkazi wake ndi ana ake azivala baji ya nsalu yofiira kapena yabuluu paphewa la kumanja, yolembedwa chilembo P ndi chilembo choyamba cha dzina la parishi. Wokana ankatha kudulidwa chithandizo kapena kutsekeredwa mpaka masiku 21 akugwira ntchito yakalavulagaga. Maparishi ambiri ankalinyalanyaza lamuloli, ndipo linachotsedwa mu 1810. Chimene chinkateteza wosauka n'chakuti woyang'anira akamumana ankatha kukadandaula kwa majisitireti, amene anali ndi mphamvu yolamula kuti athandizidwe. Osauka ankaudziwa ufulu umenewu ndipo ankaugwiritsa ntchito.

Wa kwathu ndani?

Ngati parishi iliyonse ilipirira osauka ake, funso lalikulu likhala lakuti osauka ake ndi ati. Lamulo la 1662 linayankha motere: munthu aliyense ali ndi parishi imodzi imene ili kwawo mwalamulo. Mlendo akafika m'mudzi, oyang'anira anali ndi masiku 40 oti akadandaule kwa majisitireti awiri kuti munthuyu akuoneka kuti adzafuna chithandizo, ndipo ankabwezedwa kwawo asanapemphe ngakhale peni. Wopulumuka anali wochita lendi malo a mapaundi 10 pachaka, ndalama yoposa kutalitali lendi ya kanyumba ka wantchito.

Kwawo kwa munthu kunkatha kusintha. Mwana wobadwira m'banja ankatenga kwa bambo ake, mkazi akakwatiwa ankatenga kwa mwamuna wake. Kuyambira 1691 munthu ankapeza kwawo kwatsopano akalipira msonkho wa parishi, akagwira udindo wa parishi chaka chathunthu, akaphunzira ntchito pansi pa mgwirizano wolembedwa, kapena, ngati ali wosakwatira, akalembedwa ntchito ya chaka chathunthu. Mu 1697 kunabwera chikalata chimene parishi ya kwawo inkapereka kwa wofuna kukagwira ntchito kwina, cholonjeza kuti akadzavutika idzamulandiranso. Pakabuka mkangano, munthuyo ankalumbiritsidwa pamaso pa majisitireti awiri n'kufotokoza moyo wake wonse: anabadwira kuti, anagwira kwa yani, kwa miyezi ingati, pa malipiro anji. Kenako ankalemba chikalata chomusamutsa, n'kumukweza pangolo ndi banja lake kukamutula m'manja mwa oyang'anira a parishi inayo. Parishi yolandirayo ikakana, inkachita apilo ku khoti la chigawo limene linkakhala kanayi pachaka, ndipo nthawi zina maloya ankadya ndalama yoposa imene banjalo likanadya zaka zingapo.

Anthu sanachedwe kupeza mipata. Alimi anayamba kulemba antchito kwa masabata 51 kuti chaka chisakwane. Oyang'anira ankakonda kupereka mwana wamasiye kwa mmisiri wa parishi ina, chifukwa akakhala kumeneko masiku 40 ali pa mgwirizano, katundu wasamukira kwa eni kumeneko. Kumene malo onse anali a munthu mmodzi kapena awiri, eni malo ankagwetsa tinyumba kapena kukana kumanga tina, kuti antchito awo azigona m'parishi yoyandikana n'kumayenda makilomita angapo m'mawa ndi madzulo. Phindu la thukuta lawo linkatsala ku famu, ukalamba wawo n'kugwera mudzi wina.

Amene ankazunzika koposa anali mtsikana wotenga mimba asanakwatiwe, chifukwa mwana wotere kwawo kunali kumene wabadwira. Pansi pa lamulo la 1733 mtsikanayo ankalumbira n'kutchula mwini mimba, ndipo mwamunayo ankagwidwa mpaka atapereka chikole choti adzalipira zolerera mwana. Ngati mwamunayo anali wa parishi ina, oyang'anira ankaona kuti njira yotchipa ndi ukwati: ankalipira chilolezo, mphete ndi chakudya, nthawi zina n'kumulondera mkwati usiku wonse kuti asathawe, popeza ukwati ukangochitika mayi ndi mwana akhala a kwa mwamunayo. Ndipo panali milandu ya amayi othamangitsidwa kudutsa malire a parishi zowawa za kubereka zitayamba kale. Anthu omwewo amene ankagulira nkhalamba ya m'mudzi mwawo malasha ndi amene ankachita zimenezi, m'chaka chomwecho, kuchokera m'thumba lomwelo. Lamulo la 1795 linachepetsako nkhanzazi poletsa kusamutsa munthu asanapemphe chithandizo, koma mayi woyembekezera wosakwatiwa ankawerengedwabe ngati wopempha kale.

Sikelo ya buledi

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kaundula anayamba kudzaza ndi anthu amtundu wina: abambo amphamvu zawo, a pantchito, amene malipiro awo sankakwana kudyetsa ana. Malo a mudzi wonse, kumene wosauka ankadyetsa ng'ombe yake imodzi ndi kutola nkhuni, ankatchingidwa mipanda n'kugawidwa kwa eni minda. Makina a m'mafakitale analanda amayi ntchito yopota ulusi pakhomo. Nkhondo ndi France inayamba mu 1793, zokolola za 1794 zinavuta, chisanu chotsatira chinali choopsa, ndipo mtengo wa tirigu unakwera kwambiri. David Davies, wansembe wa ku Barkham ku Berkshire, anali atalemba ndalama zolowa ndi zotuluka m'mabanja a antchito a m'parishi yake, ndipo ziwerengero zimene anasindikiza mu 1795 zinasonyeza mabanja akutha chaka ali ndi ngongole ngakhale aliyense akugwira ntchito.

Pa 6 May 1795 majisitireti a ku Berkshire anakumana pa nyumba ya alendo ya Pelican ku Speenhamland, pafupi ndi Newbury. Anaitanidwa kuti akhazikitse malipiro ochepetsetsa, koma anabwerera m'mbuyo, n'kungopempha alimi kuti akweze malipiro, ndipo anakonza sikelo. Muyezo wake unali buledi wamkulu wa galoni, wolemera pafupifupi makilogalamu anayi. Bulediyo akakhala pa sheleni imodzi, bambo ayenera kukhala ndi masheleni atatu pamlungu, mkazi ndi mwana aliyense sheleni ndi mapeni asanu ndi limodzi. Peni iliyonse imene buledi wakwera, bambo awonjezeredwe mapeni atatu, ena onse peni imodzi imodzi. Zimene malipiro alephera kufikitsa, parishi iwonjezere.

Tengani bambo wa mkazi ndi ana atatu, wolandira masheleni asanu ndi atatu. Buledi ali pa sheleni, banjalo liyenera kukhala ndi masheleni 9, ndiye parishi ipereka sheleni imodzi. Buledi akafika pa sheleni ndi mapeni anayi, bambo ayenera masheleni anayi, enawo sheleni ndi mapeni 10 aliyense, zonse pamodzi masheleni 11 ndi mapeni anayi. Parishi ipereka masheleni atatu ndi mapeni anayi. Mukawerengetsa bwino muona kuti bamboyo akugulabe mabuledi atatu monga kale, koma mapeni 22 a mwana sakufikanso buledi ndi theka, amene tsopano akufuna mapeni 24. Sikeloyi inateteza dzanja logwira ntchito kuposa pakamwa pa ana.

Chigamulo cha ku Speenhamland sichinakhale lamulo la dziko, ndipo madera ena anali atayamba kale zofanana, koma njira zotere zinafala m'zigawo zolima tirigu za kumwera ndi kum'mawa. Chilema chake chikuoneka pa chitsanzo chomwechi. Mlimi akatsitsa malipiro kufika masheleni asanu ndi limodzi, banja lilandirabe masheleni 11 ndi mapeni anayi, kungoti parishi tsopano ikupereka masheleni asanu ndi mapeni anayi. Msonkhowo ukulipidwanso ndi wagolosale, wosula zitsulo ndi mlimi wamng'ono wolima ndi ana ake, anthu amene salemba antchito. Alimi akuluakulu, amene analinso ndi mawu aakulu pa msonkhano, anali kugawira anansi awo mbali ya malipiro a antchito awo. Panabweranso njira yotumiza osowa ntchito kuzungulira mafamu ndi kapepala ka woyang'anira, mlimi n'kulipira pang'ono, parishi n'kumalizitsa. Mnyamata wosakwatira ndiye ankatsalira pa zonse: mlimi ankayamba walemba wa ana ambiri, amene akanadyera parishi zochuluka.

Ndalama zonse za chithandizo mu England ndi Wales zinali pafupifupi mapaundi 1.5 miliyoni mu 1776, zinapitirira 4 miliyoni mu 1803, pamene anthu oposa miliyoni imodzi, pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi anayi aliwonse, analandirapo kanthu, ndipo zinayandikira 8 miliyoni mu 1818. Katswiri wa zachuma Thomas Malthus anali atanena kale mu 1798 kuti chithandizo chimalimbikitsa anthu kukwatira ndi kubereka ana amene sangathe kuwadyetsa. Malamulo a 1818 ndi 1819 anapatsa olipira msonkho waukulu mavoti ofika asanu ndi limodzi ndi kulola maparishi kulemba woyang'anira wolipidwa, ndipo sikelo zinayamba kutsitsidwa. Mu 1830 antchito a kumwera anaukira, kuphwanya makina opunthira tirigu amene ankawalanda ntchito ya m'chisanu ndi kutentha milu ya zokolola.

Boma linakhazikitsa komiti yofufuza mu 1832, yotsogozedwa m'maganizo ndi Nassau Senior ndi Edwin Chadwick. Lipoti lawo linatchukitsa kamudzi ka Cholesbury ku Buckinghamshire, kumene msonkho unakwera mpaka alimi anasiya minda mu 1832. Nkhaniyo inali yoona, koma kanali kaparishi kakang'ono kwambiri, ka malo ochepa, ndipo chimene kanasonyeza kwenikweni n'chakuti dera laling'ono chotero silingasenze lokha chaka choipa. Mu 1963 ndi 1964 katswiri wa zachuma Mark Blaug anasonyeza kuti komitiyo inaweruza isanawerenge bwino mayankho amene inasonkhanitsa yokha: pofika 1832 maparishi ambiri anali atasiya kuwonjezera malipiro motsata buledi, n'kumangothandiza mabanja a ana ambiri. Kuona kwanga n'kwakuti umboni ukutsamira mbali yake. Malipiro otsika ndi kusowa ntchito m'chisanu ndizo zinabala chithandizo chochuluka, ndipo olemba lipoti anatenga mankhwala n'kuwatcha matenda.

Zimene zinasintha mu 1834, ndi zimene zinatsala

Lamulo latsopano la 1834 linasonkhanitsa maparishi m'magulu, pafupifupi 600, lililonse ndi bodi yosankhidwa ndi olipira msonkho, pansi pa makomishonala atatu a ku London. Gulu lililonse linayenera kukhala ndi workhouse, nyumba yaikulu imene wosauka ankagonamo ndi kugwiramo ntchito. Nyumba zotere zinalipo kale, makamaka kuchokera pa lamulo la 1723, koma tsopano zinamangidwa ndi cholinga chonenedwa poyera: moyo wa mkatimo ukhale wosasiririka kuposa wa wantchito wosaukitsitsa wa kunja, kuti alowemo yekhayo amene wasoweratu pogwira. Pakhomo mwamuna ankalekanitsidwa ndi mkazi wake, ana ndi makolo awo. Ndalama zinatsika kuchoka pa mapaundi oposa 6 miliyoni mu 1834 kufika pafupifupi 4 miliyoni mu 1837. Mu 1845 kunadziwika kuti ku Andover amuna opatsidwa ntchito yophwanya mafupa a feteleza ankalimbirana mafuta owola a m'mafupamo chifukwa cha njala, ndipo mu 1847 makomishonala aja analowedwa m'malo ndi bodi ina. Ngakhale zinali choncho, osauka ambiri, makamaka okalamba ndi amayi amasiye, anapitiriza kulandira masheleni awo ali kunyumba, chifukwa kusunga munthu mu workhouse kunali kodula kuposa kumupatsa masheleni awiri ndi buledi. Parishi iliyonse inkalipirabe osauka ake mpaka 1865, pamene katunduyo anaikidwa pa gulu lonse, ndipo phindu logwetsa tinyumba linachepa. Penshoni ya boma ya masheleni asanu pamlungu kwa a zaka 70 inayamba kulipidwa ku positi ofesi mu January 1909, ndipo lamulo la osauka linathetsedwa mu 1948.

Mphatso za omwalira zija zinayenda njira yawoyawo, ndipo zinali ndi matenda awo. Amene anasiya munda anachita bwino, chifukwa lendi inkakwera ndi nthawi. Amene anasiya ndalama yokhazikika, tinene paundi imodzi pachaka yochokera pa famu yakuti, mphatso yake inkafota chaka ndi chaka pamene buledi akukwera mtengo. Zikalata zinkasowa, famu ikagulitsidwa mwini watsopano n'kukana kuti sakudziwapo kanthu, osunga chuma n'kumabwereketsana munda wa osauka pa lendi ya agogo awo, kapena kumwalira onse popanda wolowa m'malo. N'chifukwa chake matchalitchi ambiri anapachika pakhoma matabwa aakulu olembedwa dzina la wopereka, chaka, munda ndi kuchuluka kwa mphatso, kuti mudzi wonse ukhale mboni. Mphatso zambiri zinalinso ndi zomangira: wolandira akhale atapemphera nawo tsikulo, buledi ali pa shelefu m'tchalitchi momwemo, kapena akhale wosalandira za parishi. Kumene chomangira chachiwirichi kunalibe, oyang'anira ankangochotsera mphatsoyo pa chithandizo, ndipo wopindula ankakhala wolipira msonkho. Tsiku lotchuka logawa linali 21 December, la Tomasi Woyera, pamene amayi amasiye ankayendanso khomo ndi khomo kupempha tirigu wa Khirisimasi.

Makomishonala amene wandale Henry Brougham analimbikitsa kuti akhazikitsidwe anayenda dziko lonse kuyambira 1818 mpaka 1837 n'kulemba mphatso zotere zoposa 28,000, ndipo mu 1853 kunakhazikitsidwa Charity Commission, bungwe loyang'anira mphatsozo. Zambiri zinaphatikizidwa, buledi ndi malasha n'kusanduka ndalama zothandizira magetsi kapena zofunika kusukulu. Zochepa zikugawidwabe monga kale. Ku Biddenden ku Kent okalamba ndi amayi amasiye amalandira buledi, tchizi ndi tiyi Lolemba la Pasaka. Ku Tichborne ku Hampshire, pa 25 March chaka chilichonse, wansembe amadalitsa ufa wa tirigu pakhomo pa nyumba yaikulu, ndipo anthu a m'midzi yoyandikana amabwera ndi matumba ndi mapilokesi awo kudzalandira galoni imodzi munthu wamkulu, theka la galoni mwana.